Nkhunzi ya Maliro a Ababa

Kwathu kumtunda kwa Lizulu chaka chija chili ndi maina awiri. Amene anataya abale amati chaka cha kolera, amene anangoonda amati chaka cha njala. Ine ndimachikumbukira ndi nkhunzi yofiira ya bambo anga, dzina lake Bantomu, ndiponso ndi zimene ndinachita kuti nkhunziyo isadyedwe pamaliro. Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale abusa. Ndikuilemba chifukwa yandikhala pakhosi nthawi yaitali. Musayembekeze kuti ndipepesa penapake, poti mpaka lero sindidziwa ngati ndiyenera kupepesa, ndiponso kwa yani.

Okutobala

Chimanga cha chaka chapitacho chinatha mvula isanaganize n'komwe zobwera. Tinalima opanda feteleza, ndipo nthaka ya kumapiri kuno popanda feteleza imangokupatsa mapesi. Pofika pakati pa Okutobala ndinalowa m'nkhokwe ndi tsache, n'kutulukamo ndi lichero limodzi la chimanga chofumbwa.

Pakhomo tinalipo anayi: ababa a Ndau, amayi NaNgozo, ine Esinati, ndi mwana wanga Tadala wa zaka zitatu. Bambo wa Tadala anawoloka msewu kupita ku Mozambiki kukagwira ganyu wa fodya, ndipo zikuoneka kuti ganyuyo anali ndi mkazi wake, chifukwa munthuyo sanabwerenso.

Ababa ali mnyamata anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Anabwerako ndi bulangete lolemera la mizere yofiira, limene ankalisunga m'sutikesi kuti adzafunde tsiku lomaliza, ndalama zimene anagulira ng'ombe, ndi chifuwa chimene sichinawasiyenso. Ng'ombe zija zinatha imodziimodzi, zina ndi matenda, zina ndi akuba. Anatsala Bantomu yekha, ndipo aliyense m'mudzi ankadziwa ntchito yake. Kwathu kwa Angoni, mwamuna wamkulu akamwalira pamagwa nkhunzi. Anthu amadya nyama, amuna amavina ngoma atanyamula zishango, ndiye amati munthuyo wapita mwaulemu. Ababa anali mkulu wa mpingo, koma pa nkhani iyi Baibulo ankaliika kaye pambali.

Ndinawapeza pakhola m'mawa wina akukanda Bantomu pakhosi. Ndinagwada chapatali, poti mkazi kwathu salowa m'khola.

"Ababa, chimanga pamsika chikadali chotsikirapo. Bwanji tigulitse Bantomu adakali wonenepa, tigule matumba tisunge? Chaka chino sichikuoneka bwino."

Anatsokomola kaye mpaka kugwira mtengo wa khola. "Iwe Esinati, ukufuna ndidzapite ngati nkhuku yofa ndi chitopa? Bambo anga anapita ndi nkhunzi. Agogo anga anapita ndi nkhunzi. Ine ndinakumba pansi pa dziko zaka zonse zija kuti ndidzaperekezedwe ndi nyemba?"

"Ayi ababa, ndimangoti mwana..."

"Njala siinayambe lero. Pita ukatunge madzi."

Ndinapita kukatunga madzi. Nthawi imeneyo ndinali ndisanapse mtima kwenikweni.

Novembala

Mvula yoyamba inachedwa, koma itagwa inagwa yamphamvu, ndipo tonse tinathamangira kumunda ndi mbewu imene tinaipachika kudenga kuti tisaidye. Chimanga chitangomera, kumwamba kunayera mbee masabata atatu. Timbewu tija tinapsa tili chiimire. Amene anali ndi mbewu yotsala anabzalanso. Ife tinakapempha kwa bambo aang'ono a Yonasi, mng'ono wawo wa ababa, ndipo anatipatsa mbale imodzi pamodzi ndi ulaliki wautali wa momwe akazi a masiku ano sadziwira kusunga.

Chimene chinkatisunga ndi moyo chinali chiwaya changa. Ndinkakazinga chipisi m'mbali mwa msewu pa Lizulu. M'mawa ndinkatola timbatatesi tating'ono timene ogula a matumba ankatikana, n'kusenda, n'kudikira maminibasi. Galimoto ikaima tinkathamangira m'mawindo ngati tikukaba, wina tomato, wina kabichi, ine tijumbo ta chipisi. Madzulo ndinkakwera phiri ndi kajumbo ka ufa kokwana anthu anayi kamodzi. Mtengo wa ndowa ya chimanga unkadzuka wina tsiku la msika lililonse, ndipo kajumbo kanga kankangochepera, koma kankabwerabe.

Mbatatesi za m'munda mwathu zinagwidwa chiwawu, masamba onse bii. Mankhwala opopera tinalibe. Mpope wa ababa unangokhala pakhoma, akangaude akumangamo.

Disembala

Kolera tinayamba kuimva ngati nkhani ya kuchigwa, ya anthu a ku Bwanje amene amamwa madzi a m'ngalande za mpunga. Tinkati kuno kozizira singakwere phiri. Inakwera pa minibasi.

Mlangizi wa zaumoyo m'dera lathu anali a Mbewe, bambo wamfupi woyenda pa njinga yakapalasa. Zaka zonse tinkawadziwa ngati munthu woyeza ana pasikelo ndi kusuzumira m'zimbudzi za eni. Palibe ankawaopa. Akadutsa, amayi ankawafunsa mongoseka ngati apeza chabwino kuseri kwa nyumba. Koma sabata yachiwiri ya Disembala anafika pamsika ali ndi chimkuzamawu, kalata yodinda, ndi apolisi awiri kumbuyo.

"Boma lalengeza mliri. Kuyambira lero chakudya chophikaphika pamsika pano ayi. Chipisi ayi, zitumbuwa ayi, thobwa ayi."

Ine pakamwa panga sipachedwa. "A Mbewe, mafuta owira chonchiwa, kolerayo ili ndi khungu lanji loti ipulumukemo?"

Anthu anaseka, koma iwo sanaseke. "Mayi, sindinabwere kudzatsutsana nanu. Pa nthawi ya mliri lamulo la zaumoyo likundipatsa mphamvu yotseka malo alionse, kulowa m'nyumba iliyonse, ndi kubalalitsa gulu lililonse. Lero ndakuuzani ndi pakamwa. Mawa ndigubuduza."

Mawa lake ndinapitabe. Ndikanatani? Anagubuduzadi. Mafuta anga onse analowa m'dothi, ndipo chipisi chimene chinamwazika pansi anachithira klorini kuti munthu asatole. Anthu anjala anaima mozungulira akuyang'ana chakudya chikuyera ndi mankhwala. Chiwaya chinakwera galimoto ya apolisi, ine n'kukwera phiri chimanjamanja.

Sindikunena kuti a Mbewe ankanama. Anthu ankafadi, ena m'mawa ali bwinobwino, madzulo maso atalowa m'kati. Koma m'kalata yawo yodinda ija munalibe mzere wonena chimene Tadala adye madzulo amenewo. Sikelo ya ana anaitsekanso, ati ndi gulu, ndipo pabwalo pamene tinkalandira chiponde cha ana operewera anakhomapo matenti a odwala kolera. Mphekesera zinayamba kuyenda zoti wolowa m'tenti satuluka, ena n'kumati klorini yemweyo ndiye akubweretsa matenda. Ine ndinalibe nthawi ya mphekesera, ndinali kufunafuna ganyu.

Januwale

Januwale tinadya zimene m'chaka chabwino timapatsa nkhumba. Ndinkapeta kuchigayo tsiku lonse kuti andipatse gaga. Tinkaphika phala la gagayo kamodzi patsiku, dzuwa likapendeka, n'kuwonjezera chisoso, bowa, kapena mango aawisi owiritsa. Mvula inali ikugwa tsopano usana ndi usiku, chimanga m'munda chili chachikasu, chofika m'mawondo.

Anthu anayamba kufunsa za maliro ngati akufunsa tsiku la msika. Kukamveka kuti uko kwagwa munthu, ankayenda mtunda wautali, mbale atabisa m'chitenje, kukalira munthu amene sanamuonepo. Lamulo loletsa kuphika pamaliro linalipo, koma linkagwira pokhapo pamene a zaumoyo aitanidwa. Maliro a matenda ena anthu ankaphika mwakachetechete, ndipo chilichonse chophikidwa chinkatha ngati chagwera pamoto.

Kenaka anamwalira amuna awo a NaGama, oyandikana nawo nyumba. Yawoyo inali kolera yeniyeni, anafera m'tenti. Ndinaona zonse ndili pakhonde pathu. Anabwera nawo amuna anayi ovala majombo ndi magolovesi, mtembo uli m'thumba lakuda lapulasitiki. Sanaulowetse m'nyumba. Panalibe nyimbo, panalibe kuona nkhope, panalibe moto. Ola limodzi lisanathe anali atakwirira. Mbuzi imene abale anali atamangirira kale pamtengo wa pichesi kuti aphe, anaimasula. Patapita sabata NaGama anaisinthanitsa ndi chimanga, ndipo kukhitchini kwawo kunayamba kufuka utsi kawiri patsiku. Utsi umenewo ndinauona. Mulungu andikhululukire, ndinauona bwino lomwe.

Masiku omwewo Tadala anayamba kutupa mapazi. Ukadina ndi chala, pamatsala kadzenje. Tsitsi linafiira n'kuyamba kuthothoka. Chimene chinandiopsa koposa n'chakuti analeka kulira. Ankangokhala pamene wamukhazika, ntchentche zikumutera m'maso iye osaziingitsa.

Tsiku lina ndikuchokera kumadzi ndinapeza ababa pakhola, m'manja muli gaga, Bantomu akunyambita.

"Ababa! Gagayo ndapetera tsiku lathunthu!"

"Akaonda, anthu adzandiseka ndili m'bokosi," anatero osatembenuka.

Ndinathamangira m'nyumba, ndinanyamula Tadala, n'kumukhazika pamapazi pawo. Ndinadina phazi lake iwo akuona. "Onani, ababa. Ndi mdzukulu wanu uyu. Onani!"

Anayang'ana kadzenje kaja nthawi yaitali, ndipo ndinaganiza kuti mtima wawo wasweka. Kenaka anati, "Ana amatupa n'kuphwa. Iwenso unatupa chaka china, suli pano? Koma ine ndikapita mwamanyazi, sindidzabweranso kudzakonza."

Amayi anayesa kulowererapo. "A Ndau, mwanayu ndithu..."

"Inu NaNgozo, za m'khola si za akazi."

Tsiku limenelo ndinadana nawo bambo anga. Ndikunena mosabisa: ndinkafuna kuti afe mwana wanga asanafe. Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti ngakhale imfa yawo sikanatithandiza. Bantomu akanagwa m'mawa, pofika madzulo midzi isanu ikanakhala itamumaliza, ife n'kutsala ndi nyanga.

Febuluwale

Ababa anamwalira Lachiwiri lina m'mawa, dzuwa litatuluka kale, mvula itangokata. Chinali chifuwa chawo chomwe chija. Anatsokomola magazi masiku atatu, kenaka anangoti zii. Amayi anawagoneka pa mphasa yatsopano, anawatseka maso, n'kuwamanga chibwano ndi kansalu. Kwathu sitiyamba kulira akuluakulu asanauzidwe, choncho amayi anapukuta misozi n'kunena kuti, "Ine ndikukauza a Yonasi. Iwe pita kwa akulu a mpingo."

Ndinatsala ndekha ndi mtembo. Tadala anali pakhomo, atatsamira chitseko, mapazi ngati timabotolo. Kukhola Bantomu analira, ndipo m'mutu mwanga ndinaona mpeni wa a Yonasi.

Sindinaganize nthawi yaitali, ndisakunamizeni. Ndinatenga chikho cha madzi, ndinathiramo gaga pang'ono ndi phulusa loyera, ndinavundula ndi chala. Ndinatembenuza ababa, anali opepuka ngati mtolo wa mapesi, n'kuthira madziwo pamphasa ndi pathalauza lawo. Ndinawabwezera momwe amayi anawagonekera. Kenaka ndinabereka Tadala n'kutsika phiri, osati kwa akulu a mpingo, koma kumatenti.

A Mbewe ndinawapeza akusamba m'manja, maso ali psuu ndi tulo. Mawu oti ndinene ndinali nditawamva pa chimkuzamawu chawo chomwe miyezi iwiri.

"Bambo anga amwalira m'mawa uno. Anayamba dzulo kutsegula m'mimba, madzi oyera ngati otsukira mpunga, ndi kusanza. Koma chonde musanditchule, abale angandiphe."

"Mwachita bwino, mayi. Mwapulumutsa mudzi wonse," anatero. Sanafunse china.

Pobwerera ndinadzera kwa akulu a mpingo kuti anthu andione. Pofika kunyumba, maliro anali atayamba. Amayi ndi azimayi ena anali kulira m'nyumba, amuna atakhala pansi pa mapichesi. Bantomu anali atamangidwa kale pamtengo, ndipo a Yonasi ankanola mpeni pamwala, nkhope yachisoni koma manja achangu. M'tinjira tonse munkatsika anthu. Ena sindinkawadziwa n'komwe.

Ndiye galimoto inafika. Anatsika a Mbewe, amuna anayi a majombo aja, ndi wapolisi mmodzi wa mfuti. Kulira kunaduka pakati.

"Aliyense atuluke m'nyumbamo. Tamva kuti malirowa ndi a kolera."

Amayi anatuluka mpango uli m'manja. Sindinawamvepo akukweza mawu kwa mwamuna, koma tsiku limenelo anakweza. "Ana anga, amuna anga afa ndi chifuwa cha ku Joni. Ndawasamala ndine masiku onsewa. M'mimba sanatsegule ngakhale kamodzi. Atsegula chiyani munthu wosadya?"

A Mbewe analowa, ndipo patapita kanthawi anatuluka akukoka mphasa ndi dzanja la golovesi. Anaiyala pabwalo anthu onse akuona, chonyowa choyera chija chili poyera. "Nanga izi, amayi?"

Amayi anayang'ana mphasayo nthawi yaitali. Ine sanandiyang'ane, ndipo ndinaganiza kuti angosokonezeka ndi chisoni.

"Ndiye muwayeze!" anakuwa a Yonasi, mpeni udakali m'manja. "Simungatilande m'bale wathu ndi mphasa!"

"Zoyezera zinatha, bambo. Pa nthawi ya mliri kukayikira kokha n'kokwanira. Kuyambira pano mtembowu si wanu, uli m'manja mwa boma. Wougwira, wophika, kapena wotsala pano, akagona kupolisi. Ndipo mpeniwo ikani pansi."

Wapolisi anangosuntha mfuti kuchoka phewa lina kupita lina. Mpeni unagwa pansi.

Zimene zinatsatira ndinaziona pazenera. Anawapopera bambo anga ndi mpope wofanana ndendende ndi uja timapopera mbatatesi, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anawatseka m'kamwa ndi m'mphuno ndi thonje la klorini. Anawalowetsa m'thumba lakuda n'kukoka zipi. Amayi anathamangira kuchipinda, anatsegula sutikesi, n'kutuluka ndi bulangete la mizere yofiira lija. Anagwada pamatope pamaso pa a Mbewe, mwana woti akanatha kumubereka.

"Chonde bambo, afunditseni ili lokha. Analisunga zaka zonsezi."

"Linali m'nyumba momwemo?"

"Linali m'sutikesi."

Mmodzi wa a majombo analilandira ndi ndodo, n'kuliponya pamoto umene ankatenthera mphasa ndi zovala. Linachedwa kugwira moto, poti linali lolemera, ndipo fungo lake linakhala pabwalo masiku awiri.

Ababa anali atalozeratu malo awo, pafupi ndi bambo awo. A zaumoyo anati kumeneko n'kufupi ndi mtsinje, ndipo anakumbitsa dzenje kumapeto kwa manda, kumene timaika makanda. Ife anatiimika kutali koti nkhope ya munthu osaizindikira. Sipanaimbidwe nyimbo. Mkulu wina amene ankavina nawo ngoma kuyambira ali anyamata anakweza chibonga chake kamodzi, anaponda pansi kamodzi, n'kuchitsitsa. Anthu a mbale m'zitenje aja anabalalika akutukwana, ngati kuti ababa anawalakwira.

A Yonasi anamasula Bantomu n'kumubwezera m'khola. "Tidzamupha pometa, mliri ukatha. Achimwene sangapite opanda nkhunzi yawo."

Nyumba yathu anaipopera yonse, n'kulamula kuti masiku asanu ndi awiri munthu wakunja asapondepo. Palibe anabwera kudzatigoneka pamaliro. Anthu ankalambalala bwalo lathu atatseka pamphuno ndi chitenje. Masiku amenewo ndi amene ndinkawafuna. Tsiku lachitatu, masana dzuwa lili pamutu, ndinatsegula khola n'kulowamo, ine mkazi. Ndinamanga Bantomu chingwe n'kutsika naye phiri. Amene anandiona anapatuka m'njira, poopa kolera yanga. Ndinawoloka msewu kupita mbali ya Mozambiki, kwa wamalonda wina wa nyama. Iye anandiyang'ana m'khosi, anaona mafupa, n'kudziwa kuti sindingakane chilichonse. Anandipatsa matumba asanu a chimanga, pomwe m'chaka chabwino nkhunzi yotero ikanagula oposa khumi. Anawabweretsa pa ngolo n'kuwatsitsira kumalire kwa bwalo.

Amayi anali pakhonde pamene ndinkapita, ndipo anali pomwepo pamene ndinkabwera.

Malichi

Mapazi a Tadala anayamba kuphwa sabata yachiwiri. Tsiku limene analira mokuwa, akulimbirana nane supuni, ndinakhala pansi n'kuseka ngati wamisala. Ngati mukufuna ndinene kuti sindinakondwe, pepani, ndinakondwa.

A Yonasi atapeza khola lili pululu anandinena mawu amene sindingawalembe pano. Ndinawayankha kuti mwana akanafa, ndipo ngati akufuna nkhunziyo akaitenge okha m'mimba mwa anthu a ku Mozambiki. Anandiloza chala n'kuchoka. Koma mkwiyo wawo waukulu sunali pa ine. Mudzi wonse unkafuna kudziwa amene anakaitana a zaumoyo, amene anawalanda nyama pakamwa ndi kuchititsa manyazi a Ndau.

Anagwirizana kuti ndi NaGama. Ati nsanje, ankafuna kuti aliyense aikidwe m'thumba ngati amuna awo. Pachitsime anthu analeka kuwayankha moni. Kutchalitchi benchi yawo inkakhala yokha. Kenaka m'mawa wina anapeza munda wawo wonse utakhapidwa, chimanga chili ndi ndevu kale, chitangotsala masabata ochepa kuti chidyedwe.

Anabwera kwathu akulira. "Asisi, inu mumandidziwa. Tsiku lija ndinali m'nyumba mwanu, ndikulira ndi amayi anu. Ndikanapita nthawi yanji kumatenti? Auzeni anthuwa, chonde."

Ndinalowa m'nyumba, ndinatapa mbale ya chimanga cha Bantomu, n'kuwapatsa. "Musadandaule, NaGama. Mulungu akuona." Mawu amenewa anatuluka pakamwa panga pomwepa, ndipo sindinachite chibwibwi. Mwezi usanathe NaGama anamanga katundu n'kutsikira kwa abale awo ku Bwanje ndi ana awo atatu. Nyumba yawo inagwa ndi mvula yotsatira.

Amayi chimanga cha m'matumba chija sanachilawe. Ankati mtima sukulandira. Ankadya nkhwani, maungu oyamba, ndi mondokwa utayamba kucha. Ndinkati ndi chisoni cha umasiye, chidzatha.

Meyi

Mvula itasiya, kolera inasiyanso. Matenti anawazula, chipisi chinabwerera pamsika, ndipo a Mbewe anabwerera pa njinga yawo ndi sikelo, osaopedwanso ndi munthu. Atamupachika Tadala pasikelo anandiyamikira. "Mwamusamala bwino, mayi. Anzake ambiri sanaone Meyi." Za tsiku lija sanatchule, kaya anaiwala kaya ankasunga lonjezo.

Zokolola zinali zochepa, koma zinalipo. Mwambo wometa umene unalephereka mu Febuluwale tinauchita ndi nkhuku ziwiri. A Yonasi anadya osayang'ana munthu.

Masana ena tinakhala pamkeka ine ndi amayi tikutonola chimanga. Tadala ankathamangitsa nkhuku pabwalo, akugwa n'kudzuka. Kunali kamphepo kozizira kochokera kuphiri.

"Esinati."

"Wawa, amayi."

"Mphasa ija ndinayala ndine. Inali youma."

Chitsononkho chinandigwa m'manja. Iwo zala zawo sizinaime, njere zinkangogwera m'lichero.

"Sindikukufunsa kanthu. Mwana ali moyo, ndikumuona ndi maso angawa. Bambo ako anali ouma mutu, ndinakhala nawo ndine. Koma ndimati udziwiretu chinthu chimodzi. Ine ndilibe nkhunzi. Ndilibe mbuzi, ngakhale nkhuku. Tsiku langa likadzafika, usadzavutike kutsika phiri kukaitana anthu a majombo aja, palibe choti udzapulumutse. Udzangondisambitsa, n'kundifunditsa chitenje changa."

Iwo anatenga chimanga china n'kupitiriza kutonola. Nkhaniyo sitinaikambenso mpaka lero.

Tadala tsopano ali pasukulu, wamiyendo yaitali, wolongolola ngati mayi ake. Amayi akadali moyo, tikukhala nyumba imodzi, ndipo timadyera mbale imodzi. Mutu ukawapweteka amandiuza, msana ukawapweteka amandiuza. Koma chaka chatha anadwala m'mimba masiku atatu, ine osadziwa. Ndinamva kwa akazi awo a Yonasi kuti masiku onsewo amayi ankayenda ndi ndodo mpaka kuchimbudzi cha kwa a Yonasi, kutsidya kwa njira, kulambalala chathu chimene chili kuseri kwa khitchini, kuti ine ndisaone.